Sikisi

Belo ndinalidula Lachiwiri m'mawa ku Taifa,
chifunga chisanachoke pamalata,
zala zitauma ndi chisanu cha Juni.
Majekete okhaokha, ndi fungo lija la kaunjika lomata kukhosi.
M'thumba lamkati la lina long'ambika kolala
munali timakadi khumi ndi tiwiri tomanga ndi labala:
anyamata ampira, aliyense ataumira pomwepo,
mwendo m'malere, kukamwa yasa.

Ndikanapatsa ana aziseweretsa kuseri kwa benchi
pakanapanda Gomezgani, mwana wa achemwali,
amene anabwera kudzapempha ya kabaza.
Anatola kamodzi ndi nsonga za zala ngati mkate wa mgonero,
nayang'ana mufoni, nakhala duu.
Kenako: "Anti, musakhudzenso. Kasambeni m'manja."
Ine amene ndinkamuchapira matewera!

Akuti kadi limeneli ndi ndalama,
koma liyambe lakaonedwa kutsidya kwa nyanja.
Kumeneko kuli anthu olipidwa
kuyang'ana pepala pansi pa getsi ndi galasi lokulitsa:
ngodya zinayi ngati zikadali zosongoka,
m'mphepete ngati simunanyotsoke,
chithunzi ngati chinakhala pakatikati kapena chinapendekera.
Akatero amalemba nambala, wani mpaka teni,
nkulitsekera m'pulasitiki yolimba yosatsekulanso.
Popanda nambalayo wogula amangoti ndi pepala.

Giledi ndimaidziwa ine.
Abambo ankasankha fodya ndi koloboyi mpaka tambala woyamba,
tsamba ndi tsamba, maso atafiira,
nabwera naye kuno ku okushoni pa lole yobwereka.
Munthu wataye anasolola ndindi imodzi, nanunkhiza,
nalemba patikiti osawayang'ana kumaso.
Chaka chonse, m'kuphethira kumodzi.
Nanenso sindine woyera:
izi zapahang'ala, izi zapamulu wa faifi handiredi,
ndimaweruza malaya a anthu amene sindidzawaona.

Yotumizira inadya lendi ya benchi miyezi iwiri.
Tinalikutira pakati pa makatoni a sopo,
m'jumbo ya shuga, kuopa chinyezi cha Mzuzu
chimene chimameretsa nkhungu ngakhale pansapato yatchalitchi.
Gomezgani analemba adiresi katatu, ataluma lilime.

Chisanu chinatha. Fumbi linadzuka ku Chibavi.
Ndinasiya kufunsa.
Usiku wina ndinalota mnyamata wa pakadi uja
ali pamzere kuchipatala, atavula malaya,
akudikira kuyezedwa.

Linabwera mu Okutobala, lili m'kabokosi koonekera
ngati maliro a munthu wolemera.
Sikisi.
Ngodya yakumanzere inafooka, akutero,
ndipo pamphumi pa mnyamatayo pali kabanga ka mafuta.
Gomezgani anandiyang'ana. Ndinayang'ana chala changa chachikulu.
Mandasi a Lachiwiri lija.
Kachidindo kanga kanawoloka nyanja ine ndisanaonepo pasipoti,
kanaonedwa ndi galasi, kanatidyera ziwiri mwina zitatu.

Anagula wina wa ku Joni, titanenerera masiku anayi.
Titachotsa yotumizira, ya oyeza, ya Gomezgani,
panatsala yogulira theka la belo la masokosi.
Sindikudandaula. Masokosi amayenda kuno.

Khumi enawo anapita ndi ana.
Limodzi ndinasunga, limene Gomezgani analikankhira pambali poyambirira
nati ili ngakhale wani silingapeze.
Goloboyi wa jezi yobiriwira,
lopindika pakati, lofewa ngati kansalu,
ngodya zonse zinatha kalekale ndi zala.
Kumbuyo kwake mwana wina analemba ndi cheko chofiira
zilembo zokhotakhota zimene sinditha kuwerenga,
ndi kadzuwa ka miyendo isanu.
Wina analiyenda nalo m'thumba la pamtima
mpaka jekete linatha kolala.

Limakhala m'kachikwama ka m'chiuno, pamodzi ndi chenji.
Kasitomala akamanyoza msoko, akamagwetsa mtengo,
ndimalisisita ndi chala chomwe chija,
cha mafuta.